Chomvera pa Ulendo wa Nsanje mpaka Kumtunda: Podcast Iti Ikuyenerani?

Ife a kuchigwa tikati "mawa ndikukwera kumtunda", sitinena kaulendo koti mwabwerako nsima isanapse. Kuchoka pa boma la Nsanje kukafika mu Blantyre ndi makilomita pafupifupi 180, ndipo wopitirira ku Lilongwe kudzera pa Zalewa awonjezerepo ena oposa 300. Pa galimoto yanuyanu mukhoza kuwerengera nthawi yofika. Koma pa minibasi yoima pa Tengani, pa Phokera, pa Bangula, pa Sorgin, pa Ngabu ndi pa Nchalo, kondakitala akukuwabe kuti "m'modzi yekha tizipita", nthawi yofika aidziwa ndi Mulungu. Maola onsewo makutu amafuna chochita, ndipo nyimbo zisanu zimene adalaivala akubwereza pa flash yawo zimafika pokola.

N'chifukwa chake ambiri atembenukira ku ma podcast, mapulogalamu a mawu onga a pa wailesi koma oikidwa pa intaneti kuti munthu akopere m'foni n'kumvera nthawi imene wafuna. Alipo ambirimbiri ndipo aliyense amatama mkaka wake. Funso loti wopambana onse ndi uti silithandiza pa M1 ya kumunsi kuno. Pulogalamu yokoma chotani, ikaduka mawu mutangodutsa pa Sorgin chifukwa netiweki yathawa, ilibe kusiyana ndi wailesi yopanda mabatire.

Zimene ndimayezera

Choyamba ndi netiweki. Pa Nchalo, pa Ngabu ndi pa Dyeratu intaneti imagwira. Pakati pa malo amenewa, komanso m'makhotolo a phiri mukadutsa pa Thabwa, imabwera n'kuthawa ngati mwana wakuba. Chimene sindingathe kukopera usiku ndisananyamuke, sindichiwerengera n'komwe.

Chachiwiri ndi bandulo. Ola limodzi la mawu okhaokha limadya pakati pa 30 MB ndi 60 MB, kutengera mmene eni ake anaikonzera. Ndiye kuti 1 GB ikupatsani maola 16 kapena kuposa, okwanira ulendo wa Nsanje mpaka Lilongwe kupita ndi kubwera. Kanema, ngakhale wosawala kwenikweni, amadya kanayi kapena kasanu kuposa pamenepo. Kumbukiraninso kuti bandulo ya WhatsApp kapena Facebook yokha, kaya ndi ya Airtel kaya ya TNM, sitsegula ma app a podcast. Pamafunika ya intaneti yonse.

Chachitatu, womvera ndani? Wokwera ali ndi mahedifoni ake akhoza kumvera chilichonse. Woyendetsa ayi. Ndipo chimene mungamvere nokha si chimene mungatsegule pa sipika apongozi atakhala kumbuyo ndi zidzukulu.

Chachinayi ndi phokoso ndi chinenero. Kuno timayenda mawindo ali pululu chifukwa cha kutentha, mphepo ikuwomba m'makutu. Chingerezi chothamanga cha ku America, cha anthu atatu olankhulira pamodzi, chimasanduka phokoso chabe. Munthu m'modzi wolankhula modekha amamveka, ndipo Chichewa kapena Chisena chimamveka ngakhale mawu ena akudutsani.

Chachisanu, chomwe anzathu akumtunda sachiganizira, ndi dzuwa. Kampani ya Apple imanena kuti mafoni ake amagwira bwino ntchito mpaka madigiri 35. Ku Ngabu mu October ndi November kumadutsa 40, ndipo pa dashibodi kumaposa pamenepo. Ine ndinaphunzira mowawa. Ndinaika foni pafupi ndi galasi lakutsogolo, ili pa tchaja, ikusewera nkhani kudzera pa Bluetooth. Tisanafike pa Bereu inali itazima yokha, yotentha ngati mbatata yochoka paphulusa, ndipo sinayake mpaka titakwera phiri. Kuyambira pamenepo foni imakhala pamthunzi, sikirini ili yozima.

Za app yomverera sindichedwapo. Spotify inafika ku Malawi mu 2021 ndipo imalola kukopera ma podcast popanda kulipira pamwezi. Wa iPhone ali kale ndi Apple Podcasts. Wa Android wofuna kanthu kopepuka, kaulere, kosadzaza zotsatsa malonda, ayese AntennaPod. Wina akakulangizani Google Podcasts dziwani kuti malangizo ake ndi akalekale, poti inatsekedwa mu 2024.

Njira yoyamba: nkhani za tsiku ndi tsiku

Apa ndikunena mapulogalamu monga Global News Podcast ndi Focus on Africa a BBC, omwe chigawo chimodzi chimatenga ngati theka la ola.

Mtengo: wochepa. Ndi aulere, ndipo zigawo zinayi sizingafike 150 MB. Malipiro ake ndi zotsatsa malonda zimene ife a kunja kwa Britain timazimva pakati.

Kupezeka kwake: pa app iliyonse. Global News Podcast imatuluka kawiri pa tsiku m'kati mwa sabata. Zonse ndi za m'Chingerezi, koma chomveka bwino, cha anthu ozolowera kuwerenga nkhani.

Chisamaliro: apa ndiye pali ntchito. Nkhani zili ngati usipa wauwisi, sizigonera. Zimene munakopera Lolemba, pofika Lachinayi zasasa. Muyenera kukopera m'mawa wa tsiku la ulendo kapena usiku wake, ndi kufufuta zakale. Mukatchera app kuti izidzikopera yokha, onetsetsani kuti izitero pa Wi-Fi pokha, apo ayi mudzadzuka bandulo itapita.

Pochenjera: sizikwanira ulendo wautali. Zigawo ziwiri zotsatizana zimabwereza mitu yomweyo, ndipo mukamva za nkhondo kachitatu mtima umalema. Nkhani za Malawi zimangotulukamo mwa apo ndi apo. Za mtengo wa thonje pa Ngabu kapena za madzi a Shire musayembekezere kuzimva m'menemo.

Njira yachiwiri: nkhani zazitali zotsatizana

Ngati pali mtundu umene unabadwira ulendo wautali, ndi uwu. Nkhani imodzi, yogawidwa m'zigawo, chigawo chilichonse chikutha mokusiyani m'malere kuti mufune chotsatira. Agogo athu ankachita zomwezo pa nthano za madzulo, kusiya Kalulu ali m'dzenje n'kunena kuti kwada, tikagone.

Ili m'magulu awiri. Lina ndi la kafukufuku wa milandu. Yotchuka kwambiri ndi Serial, imene inatuluka mu 2014, ndipo mu zigawo 12 inafukula mlandu wa kuphedwa kwa mtsikana wa sukulu mu mzinda wa Baltimore mu 1999. Lina ndi la mbiri yakale. The History of Rome ya Mike Duncan ili ndi zigawo 179 zomwe anajambula kuyambira 2007 mpaka 2012, zambiri zosafika theka la ola. Hardcore History ya Dan Carlin ndiye ina: chigawo chimodzi chimadutsa maola atatu, china mpaka asanu. Mukhoza kuchiyamba pa Marka, pa malire ndi Mozambique, n'kufika mu Blantyre mkuluyo asanamalize. Wofuna timagawo tating'ono ali ndi Witness History ya BBC, ya mphindi pafupifupi khumi, momwe munthu amene anaona chinthu ndi maso ake amafotokoza yekha.

Mtengo: bandulo yambiri pa kamodzi, koma kamodzi komweko. Maola khumi ndi 300 MB mpaka 600 MB. Zambiri ndi zaulere, ngakhale kuti ena, monga Dan Carlin, zigawo zakale amagulitsa, ndipo ena amangokulawitsani zigawo zoyamba kenaka n'kufuna ndalama. Kulipira ndi khadi mu madola si nkhani yapafupi kwa ambiri a ife. Tsono musanayambe, yang'anani ngati chigawo chomaliza chili chotsegula. Palibe chowawa ngati kufika pa Kamuzu Bridge mlandu utafika pachimake, n'kupeza kuti chigamulo chili kuseri kwa loko.

Kupezeka kwake: zochuluka mosaneneka, koma pafupifupi zonse m'Chingerezi ndipo za kwa eni. Apa mpamene mtima umandiwawa. Tikudutsa pafupi ndi Khulubvi, kwa M'bona. Tikudutsa chigwa chimene David Livingstone anayendamo pa boti mu 1859, boma la Nsanje lomwe azungu ankalitcha Port Herald, minda ya nzimbe ya pa Nchalo yomwe inasintha moyo wa dera lonse. Nkhani zotere zikanayenera kumveka m'makutu mwathu m'Chimang'anja kapena m'Chisena, pamene tikumva za mafumu a ku Rome. Achinyamata okhala ndi mafoni abwino ndi agogo odziwa kufotokoza, mwamva.

Chisamaliro: chochepetsetsa mwa njira zonse. Nkhani za 2014 zikukomabe lero. Mukopera kamodzi, app imakumbukira pamene munalekezera. Chokhacho, onetsetsani kuti zigawo zaikidwa mu ndondomeko yoyambira choyamba. Ma app ambiri amaika chatsopano pamwamba, ndiye mukhoza kuyamba ndi mapeto osadziwa. Yeseraninso usiku womwewo: zimitsani data, tsegulani chigawo chachitatu kapena chachisanu, mumve ngati chikulira. Chizindikiro choti chakopedwa nthawi zina chimanama pamene netiweki inaduka pakati.

Pochenjera: pali ziwiri. Za milandu zimafotokoza zakupha mwatsatanetsatane, zosayenera ana. Chachiwiri n'chachikulu, ndipo chikukhudza woyendetsa. Nkhani yokoma imalanda maganizo. Pa msewu wowongoka wa pakati pa Ngabu ndi Nchalo izi zimathandiza, chifukwa mdani pamenepo ndi tulo ta masana. Komabe maso akhale pa ng'ombe, mbuzi, ngolo ndi akabaza, chifukwa kuno msewu ndi wa tonse. Mukafika pa Thabwa, imitsani nkhaniyo. Makhotolo a phiri lija, ndi malole a shuga akukwera pang'onopang'ono, ena akutsika mabuleki akununkha, safuna dalaivala amene mutu wake uli ku Baltimore. Mudzapitiriza mukafika pamwamba. Mawu a munthu m'modzi wolankhula motsitsa kwa maola atatu amathanso kukugonetsani m'malo mokudzutsani. Mukayamba kuyasamula, sinthani msanga.

Njira yachitatu: macheza a pa YouTube ndi Facebook

Kwa Amalawi ambiri mawu oti podcast amatanthauza izi: anthu awiri kapena atatu atakhala pa mipando, maikolofoni patsogolo, akufunsa woimba, wandale kapena wamalonda. Zilipo za kwathu konkuno, zosakaniza Chichewa ndi Chingerezi, ndipo nyumba zoulutsira mawu monga Zodiak ndi Times zimaikanso mapulogalamu awo pa Facebook. Za ku South Africa monga Podcast and Chill ya MacG zili ndi owatsatira ambiri kuno.

Mtengo: wokwera kuposa zonse, chifukwa mukulipira kanema amene simumuonera n'komwe. Macheza a maola awiri akhoza kudya theka la 1 GB. Fufuzani kaye ngati pulogalamuyo ilinso pa Spotify kapena pa Apple Podcasts ngati mawu okha. Ena amaika konseko, ndipo kusiyana kwa bandulo n'kwakukulu.

Kupezeka kwake: apa mpomwe Chichewa chili, ndipo ndi mwayi wake waukulu. Vuto ndi kukopera. Sikuti kanema aliyense amalola kusungidwa m'foni, ndipo pa YouTube yaulere mukazimitsa sikirini mawu amazimanso. Anzathu ambiri amangopatsirana pa Xender kapena kukaikitsa pa memory card kwa anyamata oika nyimbo pa msika.

Chisamaliro: foni imadzaza msanga, batire imatha msanga. Sikirini yoyaka maola awiri pa dzuwa la kuchigwa ndi njira yachidule yophera batire. Popanda power bank musayambe n'komwe.

Pochenjera: pakamwa. Macheza ena alibe malire, nthabwala zake ndi za pa bawo ya anyamata okhaokha. M'galimoto muli amayi, abusa kapena ana, mudzasowa pobisa nkhope. Komanso mlendo akhoza kunena chilichonse, za mankhwala, za ndale, za munthu amene palibe, popanda womufunsa umboni. Mverani ngati macheza, osati ngati nkhani. Ndipo kwa woyendetsa, kanema amakoka diso. Foni itembenuzidwe chadodolido.

Njira yachinayi: maulaliki ndi Baibulo la mawu

Mtengo: pafupifupi palibe. App ya Bible.is ndi yaulere ndipo ili ndi Chipangano Chatsopano cha m'Chichewa chowerengedwa mokweza. Maulaliki ambiri amayenda pa magulu a WhatsApp, choncho ngakhale bandulo yotchipa ija imakwanira. Abale athu achisilamu nawonso ali ndi Qur'an ya mawu ndi maulaliki a mashehe oyenda mwa njira yomweyo.

Kupezeka kwake: palibe mtundu wina wa zomvera za m'zinenero zathu wochuluka ngati uwu.

Chisamaliro: za pa WhatsApp zimabalalika m'foni ndi maina a manambala okhaokha, ndipo pa ulendo simungazipeze. Zisonkhanitseni mu foda imodzi, muzipatse maina. Mitu ya m'Baibulo ndi yaifupi, ya mphindi zochepa, yosavuta kuimitsa pa rodibuloko n'kuyambiranso.

Pochenjera: kajambulidwe. Ulaliki wojambulidwa pa foni kumbuyo kwa tchalitchi, sipika ikulira, m'galimoto sumveka, ndipo mlaliki akakweza mawu mwadzidzidzi mahedifoni amabaya m'khutu. Pa minibasi ya anthu onse musatsegule pa sipika. Mwakhala ndi anthu a mipingo ndi zipembedzo zosiyana, ndipo onse alipira mofanana.

Njira yachisanu: wailesi ya FM

Si podcast, ndikudziwa. Koma kuyerekeza kumene kwaisiya kunja n'kwabodza, chifukwa pa zinthu zina imagonjetsa zinayi zonsezi.

Mtengo: ziro. Galimoto ili nayo kale, kafoni ka mabatani kali nayo, ndipo pa mafoni ambiri chingwe cha mahedifoni ndicho chimagwira ntchito ya mlongoti.

Kupezeka kwake: MBC ndi Zodiak zimamveka m'madera ambiri a chigwachi, ndipo Nsanje ili ndi mawailesi a m'dera monga Nyanthepa ndi Gaka FM olankhula Chisena. Mukamayenda mawu amafika posokonekera, ndiye mumafunika kusakanso. Wokhala pambali pa dalaivala ndiye agwire ntchitoyo.

Chisamaliro: palibe. Kafoni ka mabatani kamatha masiku osatchaja, zomwe zili ndi phindu magetsi akazima usiku woti munyamuka m'mawa.

Pochenjera: simusankha. Mukapeza uthenga wa maliro ndi zotsatsa malonda, ndi zomwezo. Koma podcast imene munakopera dzulo singakuuzeni kuti mtsinje wa Mwanza wasefukira kutsogoloku. Amene anali kuno nthawi ya namondwe wa Ana mu January 2022, kapena Freddy mu March 2023, akukumbukira mmene M1 inadukira, magalimoto n'kuima mbali zonse ziwiri. Pa masiku otero uthenga wa a zanyengo ndi wa a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, umafika msanga pa wailesi. Ndipo Loweruka masana Bullets ikamasewera ndi Wanderers, palibe podcast imene ingapikisane ndi muulutsi wa mpira.

Tsono iti kwa yani?

Mukuyendetsa nokha kuchoka ku Nsanje kapena Bangula m'chilimwe: nkhani yotsatizana, yokopera kale, ya wolankhula m'modzi kapena awiri. Yambani ndi chigawo chimodzi cha nkhani za tsikulo mutu ukadali wozizira, kenaka lowani mu yaitaliyo. Konzani mndandanda wonse musanalize galimoto kuti musagwirenso foni, ndipo pa Thabwa muzimitse.

Muli pa minibasi kapena pa Sienta yodzaza: zigawo zazifupi monga Witness History, kapena macheza a m'Chichewa amene mukaphonya mphindi zisanu simutaya kanthu. Mudzasokonezedwa kambirimbiri, kusuntha kuti wina atsike, kulandira mwana wa mnzanu pamiyendo, kukangana za chenji. Valani hedifoni khutu limodzi lokha kuti mumve siteji yanu ikatchulidwa, ndipo foni ikhale m'thumba lamkati.

Ulendo wa banja, ana ndi akuluakulu ali momwemo: Baibulo la mawu kapena wailesi, kenaka mbiri yakale ngati ana ndi a sekondale. Za milandu ndi macheza a pa YouTube zidikire.

Ulendo wa maliro kapena wa mpingo pa lole kapena basi yobwereka: musavutike. Amayi adzayamba nyimbo musanafike pa Phokera, ndipo mahedifoni pamenepo ndi mwano.

Bandulo yachepa, mwatsala ndi 200 MB: maola anayi kapena asanu a mawu okha akwanamo. Kanema muiwale.

Mukupitirira ku Lilongwe kapena Mzuzu: apa mpoyenera Hardcore History kapena nkhani yonse ya zigawo khumi ndi ziwiri. Tengani mitundu iwiri yosiyana, chifukwa pofika pa Ntcheu mawu a munthu yemweyo amakhala atakukolani. Mu Blantyre netiweki ndi yabwino, mukhoza kuwonjezera zina poyembekezera basi pa Wenela.

M'dzinja, kuyambira December mpaka March, makamaka ngati mukulowera tsidya la kum'mawa kwa Shire, ku Makhanga, Muona kapena Fatima: wailesi ikhale yoyamba, podcast ikhale yapambuyo. Batire ya foni yaikulu muisungire kuimbira abale mukakapeza madzi atatseka njira, ndipo kafoni ka mabatani kakhale kodzaza moto m'thumba la malaya.